Kusamalira kathanki ka makorali pakhomo

Ambiri amene amaweta nsomba m'thanki yagalasi anayamba ndi mbuna. Ndi nsomba za m'nyanja yathu ya Malawi, zolimba, zopirira ngakhale madzi asinthe pang'ono, ndipo m'masitolo a nsomba ku London kapena ku Johannesburg zimagulitsidwa ndi dzina la nyanja yathuyi. Tsono ena mwa inu mwalakalaka kathanki ka madzi amchere kokhala ndi makorali, ndipo ena mwapatsidwa ntchito yoyang'anira thanki yotere panyumba pomwe mukugwira ntchito ku Cape Town kapena ku Durban. Malangizo ano ndi anu. Ndikunena za thanki yaing'ono, ya malita 40 mpaka 100. Yotereyi ndi yotsika mtengo poyamba koma imavuta kusamala kuposa yaikulu, chifukwa madzi akakhala ochepa chilichonse chimasintha msanga: mchere, kutentha, ngakhale dothi la nsomba.

Makorali amaoneka ngati miyala kapena maluwa, koma ndi tinyama tating'ono tokhala pamodzi. M'thupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya kuchokera ku kuwala n'kumagawana ndi tinyamato. Madzi akatentha mopitirira muyezo kapena akasintha mwadzidzidzi, makorali amatulutsa nderezo n'kuyera mbee, ndipo zikapitirira amafa ndi njala. Mu 1998 zoterezi zinawononga makorali ochuluka kwambiri m'mphepete mwa nyanja ku Kenya, Tanzania, Seychelles ndi Maldives, pamene madzi anatentha kuposa nthawi zonse kwa milungu ingapo. Ngati nyanja yaikulu chonchija inavutika ndi kusintha kwa madigiri ochepa, mutha kuona mmene malita 60 a pabalaza angavutikire. Ntchito yanu yaikulu ndi kusunga madzi kuti akhale chimodzimodzi lero, mawa ndi mkuja.

Tiyambe ndi mchere, chifukwa m'pamene anthu ambiri amaphonya. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu iliyonse ya madzi. Pa kachipangizo koyezera kotchedwa refractometer muziona 35 ppt, kapena 1.025 mpaka 1.026 pa mzere winawo. Mchere wa kukhitchini kapena wa pamsika sungagwire ntchitoyi. Mumafunika mchere wopangidwira mathanki a makorali, umene uli ndi calcium, magnesium ndi zina zimene zimapezeka m'nyanja. Posungunula, yambani kuthira madzi m'ndowa, kenako mchere pang'onopang'ono, pampu ikuvundula, ndipo asiyeni usiku wonse. Musathire mchere wouma m'thanki muli zamoyo.

Tsiku lililonse madzi amaphwa, makamaka nyengo yotentha kapena fani ikamawomba pamwamba pake. Amene amachoka ndi madzi okha, mchere umatsala. Aliyense amene anasiyapo ndiwo pamoto mpaka msuzi kutsala pang'ono amadziwa mmene mchere umawawira. Choncho madzi obwezeretsa amene aphwa akhale opanda mchere. Munthu akamabwezeretsa ndi madzi amchere, pakutha pa milungu iwiri muyezo umakwera kwambiri, makorali amatseka, nkhono zimagwa pagalasi, iye n'kumadabwa chalakwika n'chiyani. Lembani mzere pagalasi pamene madzi ayenera kufika, ndipo bwezeretsani tsiku ndi tsiku pang'onopang'ono, osadikira Loweruka n'kuthira malita atatu nthawi imodzi. Madzi amchere mumathira pokhapokha mwachotsa ena amchere, ndiye kuti posintha madzi. Gawo limodzi mwa magawo khumi pa mlungu ndi lokwanira, ndipo atsopanowo afanane ndi a m'thanki pa mchere ndi pa kutentha. Refractometer nayo imasokonekera pakapita nthawi, muziifananitsa ndi madzi oyesera a 35 ppt amene amagulitsidwa m'timabotolo. Mukapeza kuti mchere wakwera kale, musautsitse tsiku limodzi. Tsitsani pang'ono tsiku lililonse kwa masiku angapo.

Madzi a pampopi ndi abwino kumwa koma si abwino kwa makorali. Muli klorini, ndipo kawirikawiri muli phosphate, silicate, nthawi zina ndi kopa wochokera m'mapaipi. A pachitsime kapena pamjigo angakhalenso ndi nitrate ndi ayironi. Gwiritsani ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, amene amachotsa zinthu zosungunuka m'madzi, ndipo kachipangizo ka TDS koyezera zinthuzo kazionetsa 0 kapena pafupi ndi pamenepo. Ngati simungathe kugula makinawo, masitolo ambiri a nsomba amagulitsa madziwa m'zigubu. Ndowa ndi zigubu za thanki zikhale zakezake, zisakhudzane ndi sopo kapena mankhwala ochapira pansi. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu asapoperedwe m'chipinda muli thanki.

Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Hita yokhala ndi choletsa kutentha imathandiza m'miyezi yozizira, ndipo muikenso thermometer yapadera chifukwa hita ikawonongeka imatha kungoyaka osazima. M'miyezi yotentha vuto limatembenuka. Madzi akayandikira madigiri 28, tsegulani chivindikiro, lozetsani fani pamwamba pa madzi, ndipo chepetsani maola a nyali. Thanki isakhale pawindo lolowa dzuwa.

Thanki yatsopano siilandira nsomba tsiku loyamba. Pamiyala ndi mumchenga muyenera kuswana kaye mabakiteriya amene amasandutsa ammonia, yochokera ku dothi la nsomba ndi chakudya chowola, kukhala nitrite, kenako nitrate. Ammonia ndi poizoni woopsa. Ntchito yoswanayi imatenga milungu 4 mpaka 6, ndipo mumadziwa kuti yatha zoyezera zikamaonetsa 0 pa ammonia ndi pa nitrite. Pamenepo yambani ndi nkhono zodya ndere, kenako nsomba imodzi kapena ziwiri. Thanki ya malita 60 imakwana clownfish ziwiri za mtundu wa Amphiprion ocellaris, makamaka zoswedwa m'mathanki, chifukwa zinazolowera kale chakudya chogula. Nsomba zotchedwa tang zisiyeni ngakhale zikukongola bwanji, zimafuna malita mazana angapo kuti zisambire momasuka. Mandarin nayo imafa ndi njala m'thanki yaing'ono chifukwa imadya tizilombo tamoyo totchedwa copepod tsiku lonse. Kwa makorali, yambani ndi ofewa monga mushroom, leather ndi green star polyps. Makorali olimba otchedwa Acropora adikire mpaka thanki itakhazikika kwa chaka.

Makorali olimba akamakula amatenga calcium ndi carbonate m'madzi kuti amange mafupa awo. N'chifukwa chake timayeza alkalinity (muyezo wa carbonate m'madzi), imene iyenera kukhala pakati pa 7 ndi 9 dKH, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm, ndi magnesium cha m'ma 1,300 ppm. Pa zitatuzi, alkalinity ndiyo imasintha msanga ndipo ndiyo muziyeza kawiri pa mlungu. Koma ndikuchondererani, musamathamangitse manambala. Thanki yokhala pa 7.5 mwezi wonse ili bwino kuposa imene ikudumpha kuchoka pa 7 kufika pa 10 chifukwa mwini wake anawerenga kuti 9 ndiye wabwino. Ngati muli ndi makorali ofewa okha, kusintha madzi mlungu uliwonse kumabwezeretsa zonsezi popanda kugula botolo lililonse. Chinthu chimene mulibe choyezera chake musachithire. Khalani ndi kope lolembamo tsiku, muyezo ndi chimene mwachita, chifukwa vuto likabwera mudzayang'ana m'mbuyo n'kuona pamene linayambira. Kwa inu amene mukusamala thanki ya abwana, kopeli limakutetezaninso.

Mavuto oyamba nthawi zambiri ndi ndere. M'milungu yoyambirira mchenga ndi galasi zimakutidwa ndi fumbi lofiirira. Amenewo ndi ma diatom, amadya silicate, ndipo amatha okha silicate ikatha. Musathire mankhwala. Mukaona chinthu chofiira chonanda chikuyala pamchenga, chosendeka ngati khungu, ndi cyanobacteria. Imakonda malo amene madzi sayenda bwino ndi pamene chakudya chimaunjikana. Ikokeni ndi kapaipi posintha madzi, sinthani kumene pampu yaloza kuti madzi afike pakona paliponse, ndipo chepetsani chakudya. Ndere zobiriwira zaubweya zimasonyeza kuti nitrate ndi phosphate zachuluka. Zuleni ndi dzanja, onjezani nkhono, ndipo nyali iziyaka maola 8 mpaka 10 okha patsiku. Nsomba muzizipatsa chakudya chimene zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri.

Pali msampha wina umene umagwira anthu akhama. Poopa ndere, amasefa madzi mpaka nitrate ndi phosphate zonse zifike pa 0. Makorali amayamba kutuwa chifukwa nawonso amafuna timichere timeneti, ndipo nthawi zambiri pamabuka ma dinoflagellate, chinthu chofiirira chonanda chokhala ndi tithovu ta mpweya, chimene chimachepa usiku n'kubwerera nyali ikayaka. Mitundu ina ili ndi poizoni amene amapha nkhono. Nitrate ikakhala pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm, thanki yaing'ono imayenda bwino.

Kanyama kofiirira kokhala ndi timanja titalititali, kobisala m'bowo la mwala mukakakhudza, ndi Aiptasia. Kamaluma makorali oyandikana nako ndipo kamaswana msanga. Musakapale ndi mpeni, chifukwa kachidutswa kalikonse kamatha kumera kena. Kakadali kamodzi, kaphimbeni ndi phala la kalkwasser (laimu wopangidwira mathanki a makorali) pogwiritsa ntchito jakisoni wopanda singano, pampu zitazimitsidwa kwa kanthawi. Kanyama ka m'nyanja kotchedwa peppermint shrimp nako kamadya Aiptasia akadali wamng'ono.

Matenda a nsomba ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kulakwitsa kumodzi kumapha thanki yonse. Timadontho toyera pathupi ndi pazipsepse, nsomba n'kumadzikanda pamiyala, kawirikawiri ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans. Ngati nsomba ikuoneka ngati yawazidwa ufa, ikupuma mwawefuwefu ndi kusambira molunjika pampu, ndi Amyloodinium, amene amapha m'masiku ochepa. Mankhwala odalirika a matenda awiriwa ali ndi kopa, ndipo kopa amapha makorali, nkhono ndi shrimp, kenako amalowerera m'miyala n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Musawathire m'thanki ya makorali ngakhale dontho. Nsomba zonse zisamutsidwire m'kathanki kena kopanda miyala ndi mchenga, kokhala ndi hita ndi mpweya, n'kuchizidwira mmenemo. Thanki ya makoraliyo ikhale yopanda nsomba kwa masiku pafupifupi 76 kuti tizilombo tife posowa pokhala. Chabwino koposa ndi kusunga nsomba yatsopano iliyonse m'kathanki kapaderako kwa milungu 4 musanaisakanize ndi zinzake.

Tsono chenjezo lokhudza thupi lanu. Makorali okongola otchedwa zoanthid, makamaka a mtundu wa Palythoa, ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa poizoni amphamvu kwambiri opezeka m'zamoyo. Amalowa pa bala, m'maso, ngakhale popuma. Ku Britain ndi ku America mabanja athunthu anagonekedwapo m'chipatala munthu atakwecha kapena kuthira madzi otentha pamwala wokhala ndi makoraliwa m'nyumba. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, musawiritse mwala wa m'thanki, ndipo sambani m'manja mukamaliza. Mukamva kutentha thupi, chifuwa kapena kubanika mutagwira makorali, pitani kuchipatala msanga ndipo muwauze adokotala chimene munagwira.

Magetsi akazima, choyamba kutha ndi mpweya m'madzi. Makorali amapirira mdima kwa masiku awiri kapena atatu, koma madzi akaima osayenda nsomba zimayamba kuvutika m'maola ochepa, makamaka kukatentha. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire ndi kotsika mtengo ndipo kazikhala pafupi nthawi zonse, mabatire ake ali atsopano. Ngati muli ndi inveta kapena UPS, lumikizani pampu yoyendetsa madzi yokha, chifukwa hita ndi nyali zimamaliza batire msanga. Mukasowa zonsezi, tungani madzi a m'thanki ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo, mphindi 15 zilizonse. Kukazizira, fundikani thanki ndi bulangete. Musadyetse nsomba mpaka magetsi atayaka.

Pogula makorali, funsani kumene achokera. Makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zofunika kutetezedwa, ndiye kuti kuwadutsitsa malire a dziko kumafuna chilolezo. Malo monga Sodwana Bay mu iSimangaliso Wetland Park ku South Africa ndi zilumba za Bazaruto ku Mozambique ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo kuthyolako korali ndi mlandu. Tizidutswa toduliridwa ku makorali okulira m'mathanki a anthu ena, timene ogulitsa amatitcha ma frag, timapirira bwino kuposa tochokera m'nyanja. Kachidutswa katsopano muzikaviika kaye m'mankhwala otsukira makorali monga mwa malangizo a pabotolo, mukatsuke m'madzi amchere oyera, kenako mukaike pansi m'thanki pamene kuwala kuli kochepa, n'kumakakweza pang'onopang'ono pa milungu iwiri.