Nsomba zoyenera kukhala ndi bichir mu thanki imodzi

Bichir ndi nsomba ya ku Africa yathupi lalitali ngati njoka, imene anthu amaweta mu thanki ya galasi. Wanga woyamba ndinamugula m'sitolo ina ya ziweto ku Johannesburg ali kamwana, wotalika ngati chala chamkombaphala. Mu thanki munali kale tinsomba ting'onoting'ono 12 totchedwa ma neon tetra. Mwezi usanathe anatsala anayi. Masana bichiryo ankangogona phee pansi pa chikuni ngati sakudziwa kanthu. Ntchito ankaigwira magetsi akazima.

Choncho musanagule nsomba ina iliyonse, yang'anani kukamwa kwa bichir wanuyo. Si nsomba yandewu ayi, koma chilichonse chokwana m'kamwa mwake kwa iye ndi ndiwo. Maso ake saona bwino, amasaka ndi mphuno, usiku, nsomba zina zili mtulo. Ine ndimasankha nsomba yofika theka la kutalika kwake, kapena yathupi lotambalala ngati chambo, yoti ngakhale ayasamule chotani singalowe. Nsomba yowonda ndi yaitali amaimeza mosavuta kuposa mmene mungaganizire. Muwerengerenso msinkhu umene adzafike, osati wa lero. Mitundu ya bichir imasiyana: Polypterus senegalus amafika pafupifupi masentimita 30, ornatipinnis 60, endlicheri amaposa pamenepo. Kwa senegalus mmodzi ndi anzake ochepa, thanki isachepere malita 300, ndipo pansi pakhale potambalala chifukwa ndi pamene amakhala.

Zimene zakhala bwino kwa ine ndi nsomba zosambira m'katikati ndi pamwamba. Ndili ndi ma silver dollar asanu. Amayenda pagulu, ndi ozungulira ngati mbale, ndipo bichir sawalabadira n'komwe (zomera zokha ndiye amazimaliza, zanga zonse anadya). Ctenopoma wamawangamawanga wa ku Congo amayenera akakula, chimodzimodzi African knifefish. Pansi mukhoza kuikapo Synodontis wamkulu, m'bale wake wa nkholokolo, bola aliyense akhale ndi pobisala pake. Chidutswa cha paipi kapena mphika wadothi wogonekedwa chammbali zimakwanira. Ma bichir okhaokha amakhalitsana ngati ali a msinkhu wofanana.

Funso limene anzanga akumudzi amandifunsa kawirikawiri ndi la mbuna. Ndimawamvetsa, munthu ukakhala kutali umafuna kanthu ka kwanu m'nyumba. Koma bichir kwawo ndi ku Nile, ku Congo, kumadzulo kwa Africa ndi mbali zina za nyanja ya Tanganyika; m'nyanja ya Malawi mulibe. Mbuna zimalimbirana miyala ndi mapanga tsiku lonse, ndipo nsomba yochedwa ngati iyi zimangoijompha zipsepse. Chakudyanso n'chosiyana. Mbuna zambiri zimadya ndere, ndipo zikamadya za nyama zimene bichir amafuna zimatupa mimba n'kufa. Zipatseni thanki yawoyawo. Mlamba nawo ayi, umakula msanga n'kumeza zonse.

Amene anandipusitsa kwenikweni ndi pleco, nsomba ya kamwa yoyamwa imene imadya ndere pa magalasi a thanki. Wogulitsa anandiuza kuti adzanditsukira magalasi, ine n'kutenga. Patapita miyezi ndinayamba kuona timadontho toyera pamsana pa bichir. Ndinaganiza kuti ndi matenda, mpaka usiku wina nditawalitsa tochi ya foni ndinapeza pleco atamukakamira pamsana, akuyamwa zoterera za pakhungu lake. Bichir anangokhala duu, osathawa. Mamba ake ndi olimba ngati matailosi, komabe zotererazo zikachoka pamatuluka zilonda. Pleco ndinamuchotsa m'mawa mwake ndipo mabalawo anapola pang'onopang'ono. Corydoras, kansomba kokhala ndi ndevu ngati mlamba, musayese n'komwe: ndi wamng'ono, amakhala pansi pomwepo, ndipo akamezedwa amatambasula minga yake n'kutsakamira pakhosi. Mukhoza kutaya onse awiri.

Mukabwera ndi nsomba yatsopano, isungeni kaye payokha milungu iwiri kapena itatu kuti muone ngati ili bwino. Tsiku loilowetsa, mudyetse bichir akhute, ndipo muilowetse masana.

Pa nthawi ya chakudya ndi pamene mungadziwe ngati mwasankha bwino. Anzake amalanda zonse zisanafike pansi, iye akali kununkhiza uku ndi uku. Ine ndimadyetsa a pamwamba poyamba, kenako ndikazimitsa magetsi ndimamuponyera nyongolotsi, tizidutswa ta nsomba kapena mapeleti omira pakhomo pa paipi yake. Mimba yake ikayamba kuphwa, ndiye kuti wina akumudyera.

Madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 28. M'nyengo yozizira ya kuno, popanda hita palibe chimene mungachite. Siyani mpata pakati pa madzi ndi chivindikiro chifukwa bichir ali ndi mapapo ndipo amakwera kukapuma mpweya, monga umachitira mlamba. Chivindikirocho chikhale cholemera, mabowo a mawaya mutseke ndi siponji. Wanga nsomba ina itamudzidzimutsa usiku anatulukira pabowo la waya wa hita, ndipo ndinamupeza m'mamawa kuseri kwa kabati, fumbi lili mbuu, akupumabe. Ndi yemweyo ali mu paipi panopa.