Kufotokoza tchati pa mayeso a IELTS

IELTS ndi mayeso oyesa luso la Chingelezi. Pa Task 1, ntchito yoyamba m'gawo la kulemba (Writing) la IELTS Academic, nthawi zambiri amakupatsani tchati choti mufotokoze. Mumayenera kulemba mawu osachepera 150 m'mphindi pafupifupi 20, ndiye musataye nthawi n'kukopera nambala iliyonse. Yambani mwaliyang'ana bwinobwino tchatilo: chakwera n'chiyani, chatsika n'chiyani, nanga chachikulu kwambiri n'chiti? Zimenezo zilembeni m'ziganizo ziwiri zopanda manambala. Ochonga amachifuna zedi chidule chimenechi, moti chikasowa malikisi amatsika, ngakhale Chingelezi chanu chikhale chosalala bwanji.

Mukatero sankhani manambala ochepa oti muwayerekezere. Onetsetsani ngati ndi maperesenti kapena mamiliyoni, apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ngati zakazo n'zapita, monga 2010, lembani mu past tense. Zoti chinakweza mitengo kapena chiwerengero n'chiyani zisiyeni, poti tchatilo silinanene.