Momwe mungachititsire msonkhano wounika ntchito anthu n'kulankhula zakukhosi

Ndakhala ndikutsogolera timisonkhano totere m'mabungwe ang'onoang'ono muno mu Lusaka, ndipo chomwe chimavuta kwambiri ndi mantha a anthu pamaso pa abwana.

Choyamba, tulukani mu ofesi. Holo ya tchalitchi ku Kabwata kapena ku Chilenje imakwana, bola ikhale ndi mawindo akuluakulu poti magetsi amatha kuzima. Projekita isiyeni. Mapepala a manila, selotepi ndi zolembera zikuluzikulu kaguleni ku Kamwala, komwe mtengo umatsika mukatenga zambiri. Zolemberazo muziyese pomwepo, ena amasakaniza zouma m'paketi yomata bwinobwino. Timapepala tomata totchipa tija musataye nato ndalama, timagwa tokha kukatentha mu Okutobala.

Lumikizani manila anayi pakhoma, mujambulepo mtsinje kuyambira tsiku lomwe ntchito inayamba mpaka lero. Pomwe zinayenda bwino anthu ajambule nsomba, pomwe zinavuta ajambule ng'ona.

Apa ndi pomwe zinandisokonekera. Tsiku lina, potsata ulemu wathu, ndinapempha abwana kuti ayambe ndiwo. Iwo anati zonse zinayenda bwino. Basi, aliyense wotsatira ankangoti "monga anenera abwana", mtsinje wonse nsomba zokhazokha. Dalaivala amene ankadziwa chomwe chinachedwetsa katundu wopita ku Chipata sanatsegule pakamwa. Anadzandinong'oneza panja nthawi ya tiyi, ndipo zinandiwawa, chifukwa nkhani yakeyo ndiyo tinasonkhanira.

Tsopano ndimaonana ndi abwana dzulo lake. Ndimawapempha zinthu ziwiri: alankhule pomaliza, ndipo asafunse kuti walemba izi ndani. Akakana, msonkhanowo ndi bwino kuuimitsa. M'holomo aliyense amalemba zomwe zinayenda bwino ndi zomwe zinavuta payekha, chete, mphindi 10, ndi cholembera cha mtundu umodzi komanso zilembo zikuluzikulu kuti dzanja la munthu lisadziwike. Alembe m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga, momwe angathere; amene kulemba kumamuvuta ajambule. Mapepala onse alowe m'dengu, muwasakanize, muwawerenge ndinu ndi kuwamata pamtsinje paja.

Mukatero tengani ng'ona imodziimodzi ndi mafunso anayi a njira ya After Action Review (kuunika ntchito ikatha), yomwe anayambitsa asilikali a ku America m'zaka za m'ma 1970: tinkafuna chichitike chiyani, chinachitika n'chiyani, zinasiyana chifukwa chiyani, ulendo wina tidzatani? Wina akayamba kuloza mnzake chala, mubwezereni ku funso lachiwiri.

Posankha zoti mukonze, patsani aliyense nyemba zitatu aike pa mfundo zomwe akuona kuti n'zofunika, mapepala mutawayala pansi. Zitatu zokhala ndi nyemba zambiri mulembepo dzina la wozigwira ndi tsiku. Jambulani khoma lonse ndi foni, tumizani pa gulu la WhatsApp anthu asanakwere minibasi, ndipo mudzakumanenso pakatha mwezi.