Mpopi wa kubafa unkagwira shoko

Nyumba imene ndimachita lendi ku Mpondasi inali ndi vuto loopsa: ukagwira mpopi wa kubafa uli wosavala nsapato, shoko inkakunyanyula dzanja lonse. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pa simenti yonyowa amapha.

A landilodi poyamba ankati ndikanene ku ESCOM. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti mawaya a m'kati mwa nyumba, kuyambira pa mita, ndi udindo wa mwini nyumba. Tinagwirizana kuti ndipeze wa magetsi, ndalama zake tidzachotse pa lendi, ndipo tinalemberana pa pepala. Pakamwa pokha sindikanavomera ayi.

Sindinatenge mnyamata wongodziwa kulumikiza. Ndinafuna munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo ndinapempha kuchiona. Atayeza anapeza kuti elementi (chitsulo chotenthetsa madzi) ya giza inaboola, magetsi akudutsira m'mapaipi, pomwe waya wa earth, umene umapititsa pansi magetsi otayika, unali utadyeka ndi dzimbiri n'kuduka pa chitsulo chokhomera pansi. Choncho magetsi otayikawo analibe kolowera kupatula m'thupi mwa wosamba. Anasintha elementiyo, n'kukhoma chitsulo china chachitali chifukwa mchenga wa kuno ku Mangochi ukauma mu Okutobala supititsa bwino magetsi pansi. Pa bokosi la magetsi anaikapo earth leakage ya 30mA, imene imazimitsa yokha magetsi akayamba kutayika.

Pano ndimadina batani lake loyesera mwezi uliwonse. Malisiti ndinawajambula pa foni ndisanawapereke kwa a landilodi.