Kagolosale ka pakona kophunzitsira ana kuwerengera zinthu

Alezi a m'sukulu za mkombaphala ndi makolo, ngati ana a zaka 4 kapena 5 amangoimba manambala pamtima koma sangathe kukupatsani miyala isanu mukawatuma, akonzereni kagolosale ka masewera. Sikalira ndalama.

Tolani zitsekerero za mabotolo 30, muzitsuke ndi sopo n'kuziyanika. Zimenezi ndiye ndalama. Sankhani za pulasitiki, chifukwa zachitsulo zimachita dzimbiri komanso zimacheka zala. Pamphasa yalanipo katundu: mabokosi a machesi opanda kanthu, zitsononkho, tomato woumba ndi dothi. Pambali pa chilichonse ikani kapepala ka mtengo kokhala ndi madontho akuluakulu, osapitirira asanu poyamba. Wogula aziika chitsekerero chimodzi pa dontho limodzi, uku akutchula nambala. Phunziro lenileni lagona pamenepa, poti dzanja, diso ndi pakamwa zimayendera limodzi, ndipo mwana amaona kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo kuchuluka kwa zonse.

Ana anayi nthawi imodzi akwanira. Wogulitsa azisinthana pakatha mphindi zisanu, apo ayi mukhalira kuleretsa ndewu.

Mwana akalakwitsa musathamangire kumuwongolera. Lowani m'sewerolo ngati wogula: "Odi, eni golosale! Tandiwerengeraninso, ndalipira zokwana kodi?" Nthawi zambiri amadzikonza yekha.

Akazolowera, lembani nambala pambali pa madonthowo, kenako kwezani mitengo mpaka 10.

Ana osakwana zaka 3 asagwire zitsekererozi, amaponya m'kamwa ndipo angatsamwidwe. Iwowa azigula ndi zitsononkho.