Kukambirana za chigololo pamene wolakwa ndi mtsogoleri wa mpingo

Kumlaga kwathu ku Ndirande ndinaona mtsikana wa kwaya akuimitsidwa, mkulu wa mpingo amene anamupatsa mimba akupitiriza kulalikira. Zinandipweteka. Nkhani yotereyi ikabuka, abale anga, musakangane ndi pakamwa pokha, tsegulani Baibulo.

Yambani ndi Levitiko 20:10, pamene lamulo likutchula onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Kenako Yohane 8, nkhani ya mkazi wogwidwa akuchita chigololo, mufunse modekha: mwamuna amene anachita naye anali kuti?

Wina adzakutchingani ndi Salimo 105:15, kuti odzozedwa sakhudzidwa. Musapse mtima. Werengani naye 2 Samueli 11 ndi 12. Davide anali wodzozedwa, ndiponso mfumu. Ndiye anatuma anthu kukatenga Bateseba, ndiye anaphetsa Uriya, mwamuna wa Batesebayo. Natani anapita kukadzudzula Davideyo, osati mkaziyo. Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa munthu akaitanidwa ndi wamphamvu, kukana kumamuvuta. Onjezani 1 Timoteyo 5:19-20: mboni ziwiri kapena zitatu, kenako chidzudzulo poyera.

Dzina la wolakwiridwa musalitchule pagulu. Ngati ndi mwana wosakwana zaka 18, kapena anakakamizidwa, musathere kwa abusa. Mperekezeni ku Victim Support Unit kupolisi, kapena ku One Stop Centre, malo othandizira ochitidwa nkhanza pa chipatala cha Queens ku Blantyre, tsiku lomwelo.