Zophika tsiku limene mnyamata akudzaonekera kwanu

Pa zilangizo za atsikana kumpingo kwathu, funso limene silisowa ndi lakuti, "Amayi, ndimuphikire chiyani kuti alankhule za banja?" Ana anga, palibe ndiwo imene imafunsira mbeta. Mwamuna wopanda cholinga adzadya chambo chanu mpaka kutsala minga yokhayokha, n'kusamba m'manja, n'kumapita. Chakudya chili ndi malo ake pa nkhani ya banja, ndipo malowo ndi kwanu, pamaso pa abale anu, tsiku limene iye wavomera kudzaonekera.

Musanagule ngakhale tomato mmodzi, uzani azakhali kapena amalume kuti kuli munthu. Kwa ife Achewa mwini mbumba ndi malume, ndipo zimawawa kuti amvere kwa anthu apadera zoti kwa mlongo wawo kunaphedwa nkhuku ya mlendo iwo osadziwa. Akulu akavomera, gwirizanani tsiku. Mnyamatayo asabwere yekha, atengane ndi mbale wake kapena mnzake wodalirika, ndipo inu mudziwiretu kuti abwera angati. Mufunseninso zimene sadya. Ngati ndi Msilamu, nkhukuyo azinge Msilamu mnzake. Ngati ndi wa Seventh Day, musamuyikire nkhumba kapena mlamba, ndipo Loweruka musamuyitane chifukwa ndi Sabata lake.

Ndiwo ya tsikuli ndi nkhuku yachikuda, yogula yamoyo. Ya broiler imapsa msanga, koma msuzi wake sufika pamtima, ndipo akuluakulu amaizindikira akangoluma kamodzi. Pogula inyamuleni mumve kulemera kwake, kenako gwirani pachidali. Fupa likakhala lakuthwa m'dzanja, nkhukuyo ndi yowonda, isiyeni. Iphedwe m'mawa ndithu. Mukaisosola, iwauleni pamoto wa makala kuti tiubweya tonse tipse, chifukwa fungo lija limene limadziwitsa mudzi wonse kuti pakhomo pabwera mlendo limayambira pamenepo. Potumbula samalani ndulu. Ikaphulikira pachiwindi, mphika wonse uwawa ndipo palibe chimene mungathiremo kuti mukonze. Nthutumba muing'ambe, muchotse chikhungu chachikasu cham'kati, muitsuke bwinobwino.

Ikani nyamayo mumphika ndi madzi ochepa ndi mchere, iwire pang'onopang'ono pambaula, ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo ngati ndi tambala wokhwima. Musaifulumize ndi moto wambiri. Madzi akaphwa mudzaona yatulutsa mafuta akeake achikasu pansi pa mphika. Ikazingeni m'mafuta omwewo mpaka ifiire, mungowonjezera a m'botolo pang'ono ngati achepa. Kenako anyezi, ndipo anyeziyo akafewa, tomato wakupsa kwambiri woduladula. Tomato aphwanyike yense musanathire madzi a msuzi, apo ayi msuzi umalekana, madzi kwaokha, mafuta kwaokha. Zokometsera za m'mapaketi ine ndimati zichepe. Nkhuku yachikuda ili ndi kukoma kwake, musakuphimbe.

Pogawa, dziwani kuti akulu amawerenga ziwalo. Ntchafu ziwiri, mapiko awiri, chidali, msana, chiwindi, zonse zioneke. Nthutumba ipite m'mbale ya alendo. Ikasowa, palibe amene adzakufunseni, koma azakhali ake a mnyamata akamva adzati mtsikanayo amadyera mumphika.

Pambali pa nkhuku pakhale masamba. Nkhwani wotendera ndiye mnzake weniweni. Sankhani masamba anthete, muwasadzule mofatsa kuti ulusi wonse uchoke, muwadule mopyapyala. Nsinjiro zikhale zosinja nokha ndi zosefa, chifukwa zogula pamsika nthawi zina zimakhala zagonera ndipo zimanunkha. Masamba akafewa limodzi ndi tomato, wazani nsinjiro pamwamba, muvundikire kaye kanthawi zipse ndi nthunzi, kenako mutakase. Ngati ndi m'chilimwe nkhwani wasowa, mpiru kapena mfutso umagwira ntchito yomweyo. Therere lisiyeni tsiku limenelo. Ndi lokoma, koma mlendo amene akuchita kale manyazi, atavala malaya oyera, musamupatse ndiwo yoti azilimbana nayo pamaso pa apongozi.

Nsima ndiyo yomalizira, ndipo muiyike pamoto alendo atafika kale, akumwa thobwa. Nsima yozizira imachotsa ulemu wonse umene nkhuku yabweretsa. Madzi akafunda, thirani ufa woyera pang'ono mupange phala, ndipo phalalo mulisiye libwate mokwanira. Atsikana ambiri amalakwitsa apa: amamva mawu a alendo pabalaza, mtima n'kuyamba kuthamanga, n'kuthira ufa phala lisanapse. Nsima yotero imanunkha ufa ndipo imamata m'manja. Dikirani mphindi khumi kapena kuposerapo, kenako muzithira ufa pang'onopang'ono uku mukuvundula, mthiko ukukanikiza kumbali kwa mphika kuti pasatsale timibulu. Ikalimba, ivundikireni kamphindi pamoto wochepa. Poomola, chipande muziviika m'madzi nthawi iliyonse kuti mitanda ituluke yosalala. Mpunga wa Kilombero mutha kuwonjezera ngati thumba likulola, koma usalowe m'malo mwa nsima.

Ngati simunavundulepo nsima ya anthu khumi, pemphani amayi kapena achemwali anu akugwireni dzanja. Palibe chochititsa manyazi. Chimene ndimakana n'chakuti aphike ena, inu n'kukanena kuti mwaphika nokha. Bodza limenelo limaululika sabata yoyamba ya banja.

Madzi osamba m'manja akhale ofunda, muyambire akuluakulu. Zogwada kapena kunjuta tsatirani mmene mumachitira kwanu masiku onse, musayambe zachilendo chifukwa cha alendo.

Tsopano chimene atsikana ambiri amaiwala ndi ichi: tsiku limeneli simukuyesedwa nokha. Inunso tsegulani maso. Kodi mnyamatayo akudikira pemphero ndi kuti akulu ayambe? Mbale ya nyama ikafika, akukumbukira mnzake amene wamuperekeza? Mwana amene wabweretsa madzi akumulankhula bwanji? Akamaliza, akuthokoza amayi anu, kapena akungotsamira mpando n'kutulutsa foni? Kudya pang'ono musamuweruze nako, chifukwa anyamata ambiri pakhomo pa apongozi khosi limatsekeka ndi manyazi. Koma amene akunyoza ndiwo, ngakhale moseka, tsiku loyamba lomwelo, mudziwe kuti adzanyoza zambiri.

Za kondaine ndinene mosabisa. Mudzapeza anzanu okuuzani kuti muthire kanthu mumsuzi kuti asayang'anenso kwina. Musayerekeze. Simudziwa chimene chili m'kanthuko, ndipo munthu akhoza kudwala kapena kufa nacho, inu n'kuthera kundende. Ngakhale asadwale, moyo wanu wonse mudzakhala mukukayika ngati amakukondani ndi mtima wake.

Nkhani ina imene imandipweteka ndi ya atsikana a m'tauni amene Lachisanu lililonse amanyamula kachikwama kupita kunyumba ya chibwenzi, kukaphika, kuchapa, kusita, chaka n'chaka, akuyembekeza kuti tsiku lina aona khama lawo. Kumuphikira wokondedwa mwa apo ndi apo si kulakwa, chikondi chimatero. Koma mphika umene abale anu sakuudziwa sukusandutsani mkazi wa munthu. Lamulo la maukwati la dziko lathu la 2015 limazindikira banja longokhalira limodzi pokhapokha khoti litaunika ndi kuvomereza, ndipo china chimene limayang'ana n'chakuti mwakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Wongobwera kumapeto kwa sabata alibe poyambira. Ngati miyezi ikupita iye osatchula za kwanu, mufunseni maso ndi maso.

Anyamata, inunso imvani. Masiku ano ena mumaphika nokha, n'kumuyitana mtsikana, n'kutulutsa mphete chakudya chitatha. Ine ndimakondwera nazo, chifukwa mwamuna wodziwa kugwira mthiko sadzagoneka ana ndi njala mkazi akadwala. Phikani chimene mumachidziwa bwino, kaya ndi usipa ndi nsima. Koma akavomera, musathere pa zithunzi za pa Facebook. M'mawa mwake kauzeni amalume anu.

Tsiku loonekera likatha bwino, musalole kuti nkhani izizire. Alendo akamatsanzika, muperekezeni mnyamatayo pang'ono ndipo mumufunse kuti akwawo abwera liti kudzafunsira. Kuchokera pamenepo nkhani imachoka m'manja mwanu n'kupita kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Iwo ndiwo adzagwirizane za chinkhoswe, pamene akuchimuna amabweretsa tambala, akuchikazi msoti, n'kusinthana pamaso pa anthu. Ngati mnyamatayo ndi wa kumpoto kapena kwina kumene amalowola, ankhoswe omwewo ndiwo adzakambirane za malowolo, ndipo inu musalowererepo pa mtengo. Mnyamatayo akakutchulirani mwezi umene akwawo abwere, afikitsireni uthengawo amalume tsiku lomwelo, kuti nawonso apeze nthawi yodziwitsa mbumba ndi kusankha amene adzalandire alendowo.